Chimbale cha chilombo cha m'denga

Lolemba

Chimbale chafika! Msuweni wanga wa ku Joni wachipatsira dalaivala wa basi, ndakachitenga ku Ntaja pa kabaza. Ndi filimu ija ndinaonera ndili mnyamata m'vidiyo sho ya Che Bwanali, ya chilombo chokhala m'denga la nyumba. Chionereni filimuyo sindigona m'nyumba ya siling'i, ndipo khoswe akathamanga pamalata ndimadzambatuka ndi tochi. Pamudzi pano ndine mkamwini. Alamu anga awiri akuzidziwa zonsezi, ndiye ndikamadutsa amakanda malata a bafa n'kumafa nalo phwete. Ine mphunzitsi wathunthu, bambo wa ana atatu. Zimandiwawa.

Ganizo langa: Loweruka masana ndiwaonetse filimuyi, anjenjemere, asiye kundiseka.

Pachikuto alemba zitatu: chithunzi chotsukidwa, mawu okonzedwanso, ndi zina zowonjezera. Lero sindiyatsa. Ndachitsindikiza ndi mabuku a masamu, olemera aja.

Lachiwiri

Ndikuyesa ndekha, chitseko chotsegula, dzuwa likuswa mtengo. Chithunzi atsukadi. Atsuka mopitirira. Kwa Che Bwanali tepi inali yotheratu, mdima ndi timizere tokhatokha, chilombo tinkangochiona maso. Lero ndikuona:

- zipi kumsana
- nsapato zoyera zothamangira
- chingwe chochikokera m'mwamba, ndi dzanja la wokokayo, lovala wotchi

Zaka zonsezi ndakhala ndikuopa munthu wa zipi. Ndazimitsa filimu isanafike ndi pakati pomwe. Manyazi, ngakhale m'nyumba ndili ndekha.

Lachitatu

Ndikudetsa zimene azungu atsuka. Kuwala ndatsitsa mpaka pansi, zipi ikuonekabe. Ndapaka mafuta odzola pagalasi la tivi, ndakutapo neti ya udzudzu. Yayamba kuopsako pang'ono. Mayi a ana alowa, ayang'ana tivi ili m'neti, ayang'ana ine. "Yayamba malungo?" Neti atenga, mafuta andiuza ndipukute.

Mawu nawonso vuto. Akuti anawakonzera masipika asanu ndi imodzi. Ine ndili ndi awiri, imodzi yong'ambika. Mphepo ikumveka bwino, agalu akumveka, koma anthu akungoyasama kukamwa ngati nsomba. Kukuwa konse kwapita ku sipika imene ndilibe.

Lachinayi

Posakasaka kukuwako ndadina pena pake pa rimoti. Kwatuluka mawu a madala awiri achizungu amene anapanga filimuyi, akucheza pamwamba pa filimu ngati ali pakhonde. Chilombo chikutsika m'denga, iwo akuseka, akukumbutsana kuti tsikulo chakudya chinachedwa. Pozimitsira sindikupaona. Ndazula chingwe cha batire.

Kenako ndatsegula zowonjezera zija. Bola ndikanangosiya. Chilombo chavula mutu, mkatimo muli bambo wadazi, waulemu wake, akumwa tiyi supuni ili m'kapu. Magazi akuchita kuwaphika m'poto ndi shuga.

Alamu asaone zimenezi. Lamulo: rimoti isachoke m'dzanja langa.

Lachisanu

Potuluka ku Juma, Che Yusufu, mlamu wamkulu, alengeza pakhomo pa mzikiti kuti mawa aphunzitsi aonetsa "chimene chimawasowetsa tulo". Ndinaitana anthu awiri. Tsopano ndi angati sindikudziwa.

Madzulo mayi a ana abwera ndi uthenga: apongozi anga, mayi awo, nawonso abwera. "Akuti aone chinthu chimene chamanitsa mwana wawo siling'i."

Ine ndi apongozi sitinakhalepo m'chipinda chimodzi. Tikakumana panjira, mmodzi amapatukira m'chimanga. Iwo akalowa, ine ndiyenera kutuluka. Ndayesa kudina rimoti ndili panja. Sidutsa khoma.

Loweruka

Mawindo tatchinga ndi mabulangete. M'nyumba mwadzaza tho. Apongozi pamkeka, kutsogolo kwenikweni. Ine panja, khutu pawindo. Rimoti kwa Che Yusufu.

Zipi aiona mphindi yoyamba. Aseka mpaka wina kutsamwa. Zimenezo ndikanapirira.

Filimu yadutsa pakati, pamene ine sindinafike Lachiwiri. M'nyumba zii. Mtima wanga wayamba kusangalala, ndikuti mantha awagwira. Kenako ndikumbuka, mochedwa: pamalo amenewa Che Bwanali ankaimirira n'kutchinga tivi ndi katoni. Ife tinkati akutiteteza ku zoopsa zopitirira muyezo. Ndisuzumira pampata wa bulangete. Si chilombo ayi. Ndi mayi ndi bambo akusamba limodzi, opanda ndi kansalu komwe, chithunzi chotsukidwa bwino lomwe.

Che Yusufu adina rimoti mwaphuma, atulukira madala aja akuseka. Adinanso, chithunzi chaima pomwepo, osasunthanso. "Astaghfirullah," mlamu wamng'ono akupepesa kwa Mulungu, maso ali kudenga. Ndikufuna kulowa ndikazule batire, koma apongozi ali mkati, miyendo yanga yakanira pakhomo. Ndikungoti "chingwe chofiira, chingwe chofiira" chapansipansi, palibe akundimva.

Apongozi aimirira okha, atenga lichero, atchinga tivi. Aima choncho, nkhope atembenuzira kukhoma, manja m'mwamba, mayi wa zidzukulu, mpaka mayi a ana achipeza chingwecho.

Anthu atuluka mmodzimmodzi, osatsanzika. Ine ndili kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo ndakhalako mpaka mbuzi zabwera kudzafuna malo awo.

Lamulungu

Mayi a ana akulankhula ndi mapoto okha. Kwa ine uthenga umodzi: apongozi akuti phewa likuwawa. Ndatumiza mankhwala opaka. Alandira.

Msuweni waimba kufunsa ngati chithunzi chikuoneka bwino. Ndamuuza kuti chikuoneka.

M'mawa ndakumana ndi alamu onse awiri panjira ya kumunda. Andipatsa moni wathunthu, wa manja awiri, afunsa za kusukulu, afunsa za ana amene amawaona tsiku lililonse, maso ali pansi. Palibe waseka. Ndinkafuna asiye kundiseka, asiyadi. Tsopano ndikupempha Mulungu kuti mwezi ukamatha mmodzi wa iwo ayambirenso.