Choko chinandimanitsa nyumba ya malata

Ku Chileka kuno kuli anthu amene mpaka lero akandiona ndikudutsa pa njinga amakodolana n'kunena kuti, "Si aja a 15 awo?" Nkhaniyi aliyense amaikamba mmene akufunira, ena mpaka kuwonjezera kuti ndinaluma munthu (sindinalume munthu ine), ndiye ndati bola ndiikambe ndekha.

Inali nthawi ya Chitaganya, azungu akadatilamulira. Ndinkaphunzitsa Sitandade 5 pa sukulu ina ya mishoni kufupi ndi bwalo la ndege. A hedimasitala athu, a Kaliwo, anali atakalamba, ndipo zinadziwika kuti chaka chikatha apuma. Mpando wawowo unkapita limodzi ndi nyumba ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata. Ife tinkakhala m'nyumba yaudzu imene mvula ikagwa tinkayamba taona kaye podontha tisanayale mphasa.

Oyenera mpandowo amati tinalipo awiri, ine ndi mphunzitsi mnzanga, a Nampinga. Ine ndinkaona mmodzi. Ndinapondako ku sekondale, bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo Chingelezi ndinkachilankhula mpaka azungu kupukusa mitu (nthawi imeneyo ndinkayesa kuyamikira). A Nampinga anali mwana wa mlimi wa nandolo, analekezera Sitandade 6, n'kupita ku usilikali. Anabwerako ndi ulemu wotopetsa komanso masewera achilendo otchedwa volebo. Mkazi wanga anali atauza kale amayi anzake a kumpingo kuti tikusamuka.

Kwa amene simuidziwa volebo: anyamata sikisi uku, sikisi uko, ukonde pakati, kumenyerana mpira ndi manja kuti usagwe mbali yako, ndipo oyamba kufika mapointi 15 ndiwo apambana. Ine ndinkati ndi masewera a anthu oopa kuthyoka miyendo. Koma a Manijala a masukulu, mzungu wa ku mishoni amene ankasankha mahedimasitala, ankaikonda koopsa. Mpira ndi ukonde anagula ndi iwo. Ndi iwonso anakonza zoti tikasewere ndi sukulu ina ku Lirangwe, n'kulonjeza kuti adzabwera kudzaonera.

Nditamva kuti pakufunika wolemba mapointi pa bolodi, ndinakweza dzanja msangamsanga. Bolodi limaima pafupi ndi mipando ya alendo. Ndinati a Manijala aone okha mmene munthu wa sekondale amalembera manambala.

Mawa lake a Nampinga anandipeza pakhomo la kalasi.

"Achimwene, mundipatseko kanthawi ndikufotokozereni kawerengedwe kake. Kali ndi kamsampha pang'ono."

"A Nampinga, ine ndimaphunzitsa mafulakishoni. Ndilephere kuwerenga mpaka 15?"

"Ayi, sikuti mulephera, koma..."

"Inu kaphunzitseni ana kudumpha. Za manambala tisiyireni ife amene tinapita nazo patali."

Anawomba m'manja pang'ono n'kuchoka. Kamsamphako ndikuuzireni pano, poti ine ndinakadziwa nditakodwa kale. Mu volebo pointi imapita kwa okhawo amene ayambitsa mpira, amati kuseva. Mpira ukagwa mbali ya oseva, anzawo aja salandira kanthu, amangolanda mwayi woseva basi. Amene anaganiza zimenezi sindimudziwa, koma sindimufunira zabwino.

Loweruka lake tinakwera lole, ana, aphunzitsi, makolo, ndi amayi atatu atanyamula mtsuko waukulu wa thobwa loti anyamata akamwe akamaliza. Dzuwa la Okutobala, ine ndili mu jekete ndi tayi. Ku Lirangwe tinapeza theka la msika litasiya malonda kudzaona anthu akumenya mpira ndi manja. Woyimbira anali mphunzitsi wa komweko, a Likaka. Anakwera pa desiki pambali pa ukonde, msana ataulozetsa ku bolodi langa. Mpando wa a Manijala unali wopanda munthu. Tinadikira mpaka a Likaka anati dzuwa silidikira mzungu, tiyambe.

Ndiye ndinagwira ntchito, abale. Mpira ukagwa uku, choko. Ukagwa uko, choko. Sindinaphonye ngakhale kamodzi. Anthu oonera sankadziwa malamulo, ankangoyang'ana bolodi n'kukuwa. Titafika 9 kwa 8, a Nampinga anazungulira bwalo lonse n'kudzandinong'oneza.

"Achimwene, bolodi lathamanga."

"Lathamanga likupita kuti? Bwererani kwa ana anu."

"Mungondilola ndi..."

"Mukufuna a Manijala akupezeni inu muli ndi choko, eti? Ndakuonani kale."

Galimoto ya a Manijala inafika bolodi likunena 13 kwa 12, ife patsogolo. Akuti tayala linawaphulikira m'njira. Anakhala pansi, anayang'ana bolodi, anayang'ana wotchi yawo, n'kukwinya nkhope. Ine ndinati akusirira kalembedwe, ndipo 14 wotsatirayo ndinamuika kamchira.

Mpira utagwa komaliza mbali ya Lirangwe, ndinalemba 15 kwa 13, ndinaponya choko m'mwamba, n'kukuwa ndi mawu anga onse, "Yathaaa!"

Amayi athu analowa m'bwalo ndi nthungululu. Makolo ananyamula ana awo pamapewa. Mtsuko uja unavundukulidwa, ndipo anyamata athu, amene anali atauma kukhosi, anamwa thobwa ngati ng'ombe pa dambo, zipanda ziwiriziwiri, wina zitatu. A Likaka anali pa desiki paja akuimba wezulo mpaka misempha ya m'khosi kutuluka. Kenako anatsika n'kubwera kwa ine.

"Aphunzitsi, yatha bwanji? Ine ndaimba kuti yatha?"

"Simudziwa kuwerenga? Onani apo."

Anatembenuka, anaona bolodi koyamba, n'kugwira pakamwa. "Mayo ine. Mumalemba mpira uliwonse?"

"Nanga mumafuna ndizilemba mpira wa Lachiwiri wokha?"

"Amalandira pointi ndi oseva okha, aphunzitsi. Ana a Sitandade 2 akudziwa."

"Mwaluza, bambo. Kaluzireni kwanu, musabwere ndi malamulo opangira pa desiki."

Pamenepo mwina zikanakonzeka, chifukwa a Nampinga anafika mofatsa n'kupisa m'matumba. Munthu uja, poona kuti ndakana kumva, ankawerenga yekha ndi njere za chimanga, thumba lakumanja ife, lakumanzere Lirangwe. Anatambasula manja onse awiri pamaso pa a Manijala.

"Bwana, palibe chaonongeka. Ndi 7 kwa 6, ife patsogolo. Tingopitiriza."

Sindikudziwa chimene chinandipweteka kwambiri, kulakwako kapena kupulumutsidwa ndi chimanga cha a Nampinga. Ndinangoona dzanja langa lapita lokha. Phaa! Njere zonse mbwee pa fumbi. Nkhuku za ku Lirangwe zimakulira pa msika, sizidikira kuitanidwa. Tisanaphethire, 7 ndi 6 yemwe anali m'mimba mwa nkhuku.

A Manijala anaimirira. Chinyanja chawo anaphunzira m'Baibulo, ndiye akalankhula umakhala ngati ukuweruzidwa tsiku lomaliza.

"Mphunzitsi, indetu mwalakwa. Lamulo litero."

Munthu wanzeru akanati pepani bwana. Ine ndinavula jekete.

"Lamulo la yani? Mpira wagwa pansi, Lirangwe yonse yaona, inu mukuti palibe chachitika? Malamulo anu onse ndi otere! Mumakapangira kwanu n'kudzatisenzetsa kuno osatifunsa!"

 Masiku amenewo mawu otere pamaso pa mzungu ankatanthauza chinthu chimodzi basi. Ine ndinkanena za volebo, Mulungu ndi mboni, koma bambo wina wogulitsa nsomba zouma anakuwa kumbuyo, "Auzeni, aphunzitsi! Chitaganya ayi!" Ena anayamba kuwomba m'manja. A Kaliwo anatseka maso. A Manijala anatulutsa kabuku m'thumba la malaya, analemba mizere iwiri, n'kufunsa a Kaliwo kalembedwe kenikeni ka dzina langa.

Analamula kuti poti bolodi ndi labodza ndipo umboni wadyedwa, masewera ayambirenso pa ziro. Choko anapatsa a Nampinga. Ine anandipatsa mpando kumbuyo, pafupi ndi mtsuko. Anyamata athu analowanso m'bwalo mimba zili ndendende. Akati adumphe, thobwa limakana. Wina anangoima n'kugwira m'nthiti mpira ukumudutsa pamutu. Tinaluza 15 kwa 4, ndipo ulendo uno palibe anatsutsa manambala.

Pobwerera mu lole munalibe nyimbo. Titayandikira kwathu mayi wina anafunsa mokweza, osayang'ana munthu, "Nanga nthungululu zija timaimbira chiyani?"  Onse anayang'ana tayi yanga.

Kalata inabwera sukulu isanatsekere. Hedimasitala watsopano, a Nampinga. Za ine inangoti ndine mphunzitsi wodziwa ntchito koma wofunika kuyang'aniridwa. Mkazi wanga anaimva nkhaniyo ali chiimire.

"Ndiye abambo, kumpingo ndikanene kuti chiyani? Kuti nyumba inadyedwa ndi nkhuku?"

Tsiku losamuka ndinathandiza nawo kunyamula kabati ya a Nampinga, poti ine ndinatsala wachiwiri wawo, ndipo wachiwiri kwa hedimasitala sangangoima n'kumaonerera. Munthu uja sananditukwanepo, sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi. Akanatero mwina ndikanapeza pomudera bwino. M'malo mwake, pa msonkhano woyamba wa aphunzitsi anati pa sukulu yonse palibe amene waonetsa mtima pa volebo ngati ine, choncho masewerawo ndiziyang'anira ndine. Anandipatsa kabuku ka malamulo onse akuona, ndi manja awiri.

Kabukuko ndinakawerenga konse, ndipo ana ndinawaphunzitsa momwe kakunenera, chifukwa ntchito ndi ntchito. Abusa anandiuza kuti phunziro lake n'lakuti mkwiyo sumanga nyumba. Zoona, sunamange. Koma pa nkhani ya mapointi musandinyengerere. Mpira ukagwa pansi mbali yako waluza, kaya waseva ndiwe kaya ndi agogo ako. Tsiku lina eni ake a masewerawa adzazindikira okha, ndipo adzandipeza ndili pompano, pansi pa udzu, ndikudikira pepani wanga.