Batani Langa Lasiliva Lili Pansi pa Clyde

Mpaka lero ndikamawoloka mlatho wa pamtsinje wa Clyde, wochokera kwathu ku Gorbals kupita m'tauni, mtima umandiwira. Pansi pa madzi akudawo pali batani langa lasiliva. Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti palibe anandilanda. Ndinaliponya ndekha ndi dzanja langali, masana dzuwa likuswa mtengo (ndanama, dzuwa la kuno siliswa kanthu, kunali kamvula kathu ka masiku onse).

Zinayamba ndi a Dougie, aneba anga, mzungu wachikulire amene anapuma pa ntchito yowotcherera zitsulo. Mkuluyu ali ndi makina ofufuzira zitsulo pansi pa nthaka, aja ooneka ngati ndodo yokhala ndi mbale kumapeto. Loweruka lililonse amapita ku minda ya kunja kwa mzinda, komwe kuli mabwinja akalekale, atapempha kaye kwa eni minda. Tsiku lina anati ndiwaperekeze. Atandiveka mahedifoni, makina n'kulira kuti tiii, ine n'kukumba n'kutulutsa kandalama kobiriwira kofufutika nkhope, basi matenda anandilowa pomwepo. Mwezi usanathe ndinali nditagula makina angaanga.

Kunyumba sindinanene. Ndinali nditayesapo kuuza mnzanga wina wa kumpingo, iye n'kuseka mpaka misozi. "Achimwene, ndege yonse ija munakwerera kudzatola zitsulo? Bwanji osangotsala ku Ndirande?" Kuyambira pamenepo ndinatseka pakamwa. Mayi a Tadala, akazi anga, ndinawauza kuti Loweruka ndimapita ku jimu, poti adokotala anali atadandaula kale za mimbayi. Makina ankagona m'galimoto ya a Dougie.

A Dougie anandiphunzitsa malamulo awiri. Chinthu chakale usachitsuke, ndipo chisamakhulane ndi chinzake. Iwo amagula timapepala tapulasitiki. Ine, ndi kuumira kwanga, ndinang'amba thalauza yakuda yakale, n'kumakulunga kanthu kalikonse m'kansalu kake, n'kumanga ndi ulusi wofiira umene ndinaupeza m'chitini cha singano. Pa kamtolo kalikonse ndinkamangirira kapepala konena komwe ndinakapeza. Zonsezo ndinkaika m'katoni ya nsapato pamwamba pa wadirobu ya m'chipinda cha alendo. (Inu amene mwaona kale komwe nkhaniyi ikupita, zikomo kwambiri, munali kuti nthawi imeneyo?)

Kenaka linabwera batani. Pafupi ndi mpanda wa manda akale, makina analira mokoma, ndipo m'dothi munatuluka batani lasiliva lozokotedwa kaduwa. A Dougie anavula chipewa. Anati zaka zawo zonse sanapezepo lotere, ndipo poti lamulo la kuno limati zakale zotere uzikanena ku boma, anatumiza zithunzi kwa akatswiri a kumyuziyamu. Anatiyankha kuti tikalionetse Lolemba la sabata inayo. Ine mwana wa ku Ntcheu, dzina langa likalembedwe m'buku la myuziyamu! Sabata imeneyo ndinkayenda ngati ndavala suti. Komanso kumpingo dzina langa linali litatchulidwa pa anthu oti akhale akulu a mpingo, ndiye zinthu zinkaoneka kuti zikundiyendera mbali zonse.

Chimene ndinaiwala n'choti m'chipinda cha alendo munali mlendo. Apongozi anga, amayi awo a mayi a Tadala, anali atabwera kuchokera kumudzi kudzaona khanda lathu. Chifikireni ankadandaula kuti sakugona bwino, m'chipindamo muli chinachake cholemera. Chinachakecho chinali kuzizira, koma ndani angawauze apongozi? Loweruka lotsatira, ine nditapita kokumba, anakwera pampando n'kuyamba kufufuza.

Nditabwerako ndinapeza pabalaza padzaza. Abusa athu, amayi awiri a gulu la mapemphero, apongozi atakhala chowongoka, mayi a Tadala maso ali psuu. Pakati, panyuzipepala, panali katoni yanga yotsegula, timitolo takuda ta ulusi wofiira tili mbwee. Aliyense anali atabweza miyendo kuti asakhudze.

"Bambo a Tadala, khalani pansi," anatero abusa. "Mwachokera kuti?"

"Ku jimu, abusa."

Apongozi sanandiyang'ane kumaso, mwaulemu wake. Anayang'ana mawondo anga. "Jimu ya kuno amachita chogwada m'matope?"

Apa ndinaona kuti bodza latha ntchito, ndinene zoona. Abale, sindinadziwe kuti zoona zingamumange munthu chonchi.

"Zinthuzi ndinazikumba pansi," ndinatero.

"Pansi pake pati?"

"Pamabwinja."

Mayi mmodzi wa mapemphero anatola kapepala ndi nsonga za zala n'kuwerenga mokweza: "Pafupi ndi manda akale." Mnzake anati, "Yesu!"

"Mumapita ndi yani?" anafunsa abusa.

"Ndi mdala wina wodziwa bwino zimenezi. Ndiye anandiphunzitsa."

"Nanga mumadziwa bwanji pokumba?"

"Ndimamva kulira m'makutu."

Ndinayesa kukonza, ndinati ndi makina, makina a mabatire, ogula m'sitolo. Anati makinawo ali kuti? Ndinati amasunga mdalayo. Mayi a Tadala anafunsa misozi ikutsika chifukwa chake zinthuzo zinali ndi dothi lake lomwe. Ndinati mdalayo anandiletsa kuzitsuka.

"Ndiye chizimba chakecho," anatero apongozi motsitsa mawu, akuuza khoma.

Ndinati ndiwaitane a Dougie adzafotokoze okha. Foni yawo inali yozima, anali atapita kwa mwana wawo ku Partick. Ndipo mayi a Tadala anaimirira n'kunena kuti sing'anga, kaya ndi mzungu kaya ndi ndani, m'nyumba mwawo saponda. A Dougie! Munthu woopa ngakhale kangaude!

Tsono mundimvetse. Ine ndine munthu wa mtima wapachala, ndimavomera. Koma mkamwini sakweza mawu pamaso pa apongozi, ndiye mkwiyo wonse unkangobwerera m'mimba. Zaka zonse ndakhala kuno ndikusambitsa nkhalamba za eni ake, kudzuka kusanache, chisanu chikundiluma m'mafupa, lero ndikhale wokhwima? Wokhwima wake uti wokwera basi? Ndikanakhwima bwenzi tikukhala m'fulati ya zipinda ziwiri yoyang'anana ndi mabini?

Abusa anayankhula mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandiwonjezera moto. "Ngati zinthuzi zilibe mphamvu pa inu, bambo, mungathe kuzitaya?"

"Zonsezi tayani," ndinatero, "kupatula kamodzi aka. Aka akukafuna a boma Lolemba."

Ndinatola kamtolo ka batani n'kukafumbata. Apongozi anapukusa mutu. "Mwaona? Kameneko ndiye kenikeniko. Moyo wawo uli m'menemo."

Pamenepo china chake chinaduka m'mutu mwanga. Ndinanyamula katoni n'kunena kuti, "Tiyeni! Nonse tiyeni mukaone!" Ndinatsika masitepe ngati ndikuthamangitsa wakuba. Kumbuyo kwanga abusa, amayi awiri aja, apongozi atafunda bulangete pamwamba pa jasi, mayi a Tadala ndi khanda kumsana. Tisanafike n'komwe pamsewu waukulu, amayi aja anayambitsa korasi. Azungu ankatipatukira, wina mpaka anavula chipewa poyesa ndi maliro.

Pamlatho ndinakhuthula katoni yonse m'madzi. Tindalama tanga takale, mabatani a asilikali, kachitsulo komangira lamba, miyezi isanu ndi itatu ya mawondo anga, zonse phuvu! Kenaka ndinamasula kamtolo kaja, n'kukweza batani m'mwamba kuti aliyense alione.

"Ili ndi batani!" ndinakuwa. "Batani la jekete! Lilibe mphamvu pa ine ngakhale pang'ono! Onani!"

Ndinaliponya. Linang'anima kamodzi, n'kulowa. M'mutu mwanga ndinkati tsopano achita manyazi, apepesa, aona kuti ananamizira munthu wosalakwa. Ndinatembenuka kuti ndilandire kupepesako.

Nthungululu! Amayi aja analumpha, apongozi anagwada pansi ponyowa manja m'mwamba, abusa anandigwira pamutu n'kufuula kuti, "Wamasulidwa! Wamasulidwa!" Mayi a Tadala anandikumbatira akulira, amvekere, "Zikomo bambo a Tadala, mwasankha banja lanu." Ndimati ndikuonetsa kuti ndine wosalakwa, koma ndinali nditangovomera mlandu pamaso pa mboni zisanu.

M'mawa mwake apongozi anati agona ngati mwana (mayi a Tadala anali atawawonjezera bulangete lachiwiri, koma zimenezo palibe anazitchula). Kutchalitchi abusa anandiimiritsa kutsogolo, mpingo wonse n'kuwomba m'manja chifukwa cha m'bale amene watuluka mu mdima. Mnzanga wa Ndirande uja anandigwira chanza ndi manja awiri, amvekere ankadziwa kuti nkhani ya zitsulo ija inali yophimbira. Za ukulu wa mpingo anati tidikire kaye ndikhazikike mu uzimu.

Lolemba m'mawa kunamveka kugogoda. A Dougie, atavala jekete ndi tayi, tsitsi atapesa, akumwetulira ngati mkwati. Anafunsa ngati ndalikulunga bwino batani lathu. Ndinawauza zonse nditaima pakhomo pomwepo, m'Chingerezi chimene chinkandithawa. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangonena kuti batani limenelo linapirira m'dothi zaka mazana, koma m'manja mwanga latha sabata imodzi. Anati kalata yofotokozera a kumyuziyamu ndilembe ndekha. Madzulo ake ndinapeza makina anga atatsamiritsidwa pachitseko, ndipo chiyambire tsiku limenelo moni wathu ndi wongogwedeza mutu.

Kalatayo ndinalemba. Ndinati batani linagwera mumtsinje. Sindinaname kwenikweni, kungoti sindinatchule amene analithandiza kugwa.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kuugwira mtima, kapena kusabisira mkazi zinthu. Chachiwiricho ndinaphunziradi: mayi a Tadala ndinawaonetsa makina, ndinabisa sipuni pansi pa kapeti n'kuipeza iwo akuona. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anati ndisauze munthu, chifukwa umboni unaperekedwa kale ndipo amayi awo anakaufalitsa kumudzi konse.

Koma mtima uja ayi. Mwezi watha, madzi atatsika, ndinatenga makina n'kutsetserekera m'mphepete mwa mtsinje kumunsi kwa mlatho, mwina madzi analikankhira kumtunda. Makina analira, ndinagwada m'matope n'kukumba ndi manja. Sindinadziwe kuti mmodzi wa amayi a mapemphero aja ankadutsa pamlathopo ndi foni m'manja. Ndisanafike n'komwe kunyumba, apongozi anali ataimba kale kuchokera kumudzi kuti amva zoti mkamwini wabwerera ku Iguputo.

Batani sindinalipeze. Chimene ndinafukula chinali chitini cha mowa, ndipo chithunzi chimene chikuzungulira pa gulu la mpingo anachijambula ndendende pamene ndinachikweza m'mwamba kuti ndichione bwino. Lamlungu likubwerali akuti andipemphereranso, ulendo uno za uchidakwa.