A Sankhani Mvula ndi Mwana wa Mfumu Wonyamula Katundu

Munthu amatopa ndi ndiwo imodzi, koma a Sankhani Mvula a ku Katete sanatope ndi filimu imodzi. Anaionera tsitsi lili lakuda, anaionera litachita imvi, anaionera litathothoka, ndipo ulendo uliwonse ankaseka pamalo omwewo ngati akuiona koyamba. Akazi awo a Monica ankati anakwatiwa pamitala: mkazi wamkulu inali kaseti, iwo anali wamng'ono wongophika ndi kuchapa.

A Mvula anali ndi nyumba ya vidiyo kuseri kwa msika, kachipinda ka malata kokhala ndi mabenchi ogwedera, TV yaing'ono ndi batire la galimoto. Pakati pa sabata ankaonetsa za makofi ndi za mfuti monga anzawo onse. Koma Lamlungu masana, anthu atatuluka m'tchalitchi, inali nthawi ya mwana wa mfumu. Inali filimu yakalekale ya chikondi ndi nthabwala. Mwana wa mfumu wa kudziko lina lozizira anatopa ndi atsikana omugwadira chifukwa cha chuma cha atate ake, ndiye anazemba kunyumba yachifumu, navala nsanza, nakayamba ntchito yonyamula katundu pa siteshoni ya sitima. Kumeneko anakonda mtsikana wina wapakamwa, wogulitsa maambulera, amene ankamutuma uku ndi uku osadziwa kuti akutuma yani.

Anthu a m'filimumo ankalankhula Chingerezi chothamanga, ndiye a Mvula ankaima pambali pa TV ndi kandodo ka nsungwi, n'kumamasulira.

"Apa mtsikana akuti, 'Iwe, manja ofewa ngati buledi wa lero, kwanu simulima?' Mnyamata akuyankha kuti, 'Kwathu makasu amalima okha, mayi.'"

Tsiku lina a Timothy, mphunzitsi wa Chingerezi, analephera kupirira.

"A Mvula, sakunena zimenezo ayi. Akungodandaula kuti kunja kukuzizira."

"Aphunzitsi, inu mukumva za pakamwa. Ine ndikumasulira za mumtima. Khalani pansi, mukuphimba anthu."

A Timothy anakhala pansi, ndipo sabata yotsatira anabwera ndi akazi awo.

Chaka china deki inatafuna kaseti ija. A Mvula anailumikiza ndi selotepi, thukuta lili kamukamu ngati dokotala wa opareshoni, koma chakumapeto chinatayika. Kuyambira pamenepo filimu inkathera poti asilikali a mfumu afika pa siteshoni, agwada pamaso pa wonyamula katundu, mtsikana wagwetsa ambulera n'kumuyang'ana. Kenako pa TV pankangoti waa, mchenga wokhawokha. Mathero ankawanena okha a Mvula, ndipo ankatengera mmene kwachera kunyumba. Kukakhala mtendere, kunkachitika ukwati wa ng'ombe zodzaza khola, mpunga wophikira m'madiramu. Akakangana ndi a Monica, mtsikana ankamukwapula mwana wa mfumu ndi ambulera n'kukakwatiwa ndi wogulitsa nyama.

Anthu anazitulukira msanga. Loweruka azimayi ankadzera pa benchi ya a Monica pamene ankagulitsa tomato.

"Amake Hope, mawa ukwati ulipo?"

"Kulibe. Aiwala chimanga changa kuchigayo."

"Akhululukireni, mayi. Sabata yathanso mtsikana anapita kwa wanyama."

A Monica sanalowepo m'nyumba ya vidiyo ija. Akawafunsa ankati, "Ndikaonere chiyani? Sinema ndili nayo kunyumba, ndipo imadya."

Sanalakwe, chifukwa kwa a Mvula filimu sinkathera pa TV. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti ana a mafumu obisala alipo, ndipo kuti msewu waukulu wodutsa pa Katete ungathe kutula mmodzi tsiku lililonse. Motero ankavulira chipewa aliyense wovala nsanza: oitanira mabasi, okankha wilibala, osesa mumsika. Tsiku lina anabwera kunyumba ndi mlendo amene anatsika basi ya ku Lusaka, wa jekete long'ambika pachigongono.

"Amake Hope, gwirani tambala uja," anawanong'oneza kuseri kwa nkhokwe.

"Tambala wa Khirisimasi?"

"Mwaziona zikhadabo zake? Munthu uyu sanagwirepo khasu."

"Mbavanso sizigwira khasu."

"Inu simudziwa za kunja."

Mlendo anadya tambala, napempha pogona kuti apumuleko masanawo. Dzuwa likupendeka eni nyumba anapeza mphasa yokha. Njinga kunalibe, nsapato za Lamlungu kunalibenso. A Mvula anayang'ana mumsewu kwa kanthawi, manja ali m'chiuno.

"Wangobwereka. Mudzaona tsiku lina magalimoto atandandana pano kudzathokoza."

"Akadzabwera mudzawalandire chosavala nsapato," anatero a Monica. Lamlungu limenelo mtsikana wa maambulera sanangokwatiwa ndi wanyama, anamuberekeranso mapasa.

Zoseketsazi zinafika pothina mwana wawo Hope atakula. Alongo awo a Monica, a Edward, ndiwo anali atsibweni a mwanayo, ndipo mawu awo pa nkhani ya ukwati anali olemera. Iwo anali atasankha kale a Brian a ku Sinda, a shopu ndi lole. Koma Hope ankakonda Stanley, mnyamata wa ku Vubwi amene ankanyamula matumba pa msika. A Edward anati bola afe kusiyana n'kuona mwana wa mlongo wawo akukwatiwa ndi wilibala. Hope anasiya kudya, nkhope inagwa. A Monica anali pakati. Umphawi ankaudziwa kuwawa kwake, ndipo sankafuna kuti mwana wawo adzayambirenso pamene iwo anayambira. Komanso ankamumva akulira kuchipinda pamene iwo akunamizira kusesa.

A Mvula okha ndiwo ankayenda mokondwa.

"Wonyamula katundu, amake Hope. Simukuona? Mwamuonetsetsa mmene amagwirira kapu ya tiyi?"

"Amagwira ngati munthu waludzu. Bambo a Hope, uyu ndi mwana wathu, si kaseti. Akalakwitsa palibe selotepi."

Mawu amenewo anawalasa. Nthawi ya dzinja, Stanley atapita kwawo kukalima, a Mvula anakwera lole ya ku Chadiza, kumeneko n'kupeza ina ya ku Vubwi, kuti akaone ndi maso awo nyumba yachifumu. Anabwerako matope ali m'mawondo, ali chete, zimene a Monica sanazionepo chikwatiwire.

"Nyumba yachifumu mwaiona?"

"Itanani alamu," anangotero.

A Edward anabwera m'mawa mwake, nakhala pampando wa ndalema, miyendo atapingasa.

"Alamu," anayamba a Mvula, "ndapita, ndaona. Mnyamata uja si mwana wa mfumu."

"Ndiye nkhani yatha."

"Dikirani. Nyumba ndi ya udzu, ndipo imadontha mbali imodzi. Amai ake miyendo inafa kalekale. Ine pofika ndinamupeza atawabereka kumbuyo, akuchokera nawo kumunda, poti gogoyo anafuna kuona mmene mtedza wake wamerera. Anawatsitsa pamthunzi, nawatsuka mapazi, uku akuwaseketsa mpaka kutsokomola. Sanadziwe kuti ndaima kuseri kwa mpanda. Ine ndasaka mwana wa mfumu pa siteshoni zaka zonsezi, chimene ndinapindula n'kuberedwa njinga. Koma mwana wanga akadzadwala, ndikufuna adzaberekedwe ngati mmene ndaonera kuja."

A Edward anatembenukira kwa mlongo wawo, poganiza kuti awathandiza. A Monica anakonza chitenje pamawondo.

"Alongo, ine ndakhala ndi munthu wosauka woseketsa. Njala tinaiona, manyazi tinawaona, koma sindinakhalepo mwamantha m'nyumba mwanga. Msiyeni mwana."

Ukwati unachitika atakolola. A Mvula anaimirira m'tchalitchi n'kuyamba kufotokozera anthu zimene mkwati akuganiza mumtima, mpaka abusa anawapempha mwaulemu kuti akhale pansi.

Kenako kunabwera mafoni, aliyense n'kumayenda ndi sinema yake m'thumba. Mabenchi anayamba kukhala opanda anthu. Deki inafa, wokonza sanapezeke. Maso a a Mvula anachita ng'ala, chifuwa chinawagwira, ndipo ankangokhala pakhonde atafunda bulangete ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Masana ena Hope anafika kuchokera ku Vubwi, mwana ali kumbuyo, foni ili m'manja.

"Atate, ndaipeza filimu yanu. Yonse, mpaka kumathero."

Anawaikira pafupi ndi nkhope. A Mvula sankaona bwino, koma kanyimbo koyambirira katangolira anawongoka, milomo n'kuyamba kuyenda. Anamasulira ndi mawu otsika, akupumira m'njira. A Monica anali chapafupi akusenda mtedza. Pang'ono ndi pang'ono anasendeza lichero, mpaka anapezeka atakhala pamphasa pambali pa amuna awo, akusuzumira. Mwana wa mfumu atagwera m'ngolo ya nkhuku ndi masutikesi a eni, kuseka kunawapulumuka a Monica.

"Mwaseka," anatero a Mvula.

"Ndatsamwa ndi mtedza."

Asilikali anafika, anagwada, ambulera inagwa. A Mvula anakweza dzanja.

"Zimitsa, mwanawe."

"Atate, mathero ndi amenewa akubwerawa."

"A azungu amenewo. Zimitsa. Lero atiuze amai ako."

A Monica anakana, nanena kuti iwo si wamisala. Koma amuna awo anangodikira, nkhope ataitembenuzira kumene kunkachokera mawu awo. A Monica anapukuta manja pachitenje.

"Chabwino. Mtsikana uja anatola ambulera yake. Anamuuza kuti, 'Kwanu kuli kozizira, ine sindipita. Ngati ukundifuna khala konkuno.' Mnyamata anakhala. Denga sanaphunzire kufolera. Ankaiwala chimanga kuchigayo. Ankabweretsa mbava kunyumba n'kuziphera nkhuku."

"Ndiye mtsikanayo anapita kwa wanyama?"

"Wanyama anabweradi, kawiri konse. Anamubweza."

"Chifukwa?"

A Monica anafikisa khoko la mtedza ndi chala.

"Chifukwa tsiku limene anaika mwana wawo woyamba m'manda, mtsikanayo anafuna kufa nayenso. Anthu onse ankamuuza kuti alimbe mtima. Mnyamata uja yekha sanamuuze kanthu. Ankangomutungira madzi, n'kumaphika phala lopserera tsiku ndi tsiku, mpaka tsiku lina mtsikanayo anaseka chifukwa cha kuipa kwa phalalo. Munthu wotero sumusinthanitsa ndi nyama."

Hope anayang'ana kumbali. A Mvula anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza la akazi awo.

"Mathero amenewa sindinawanenepo," anatero. "Ndi abwino kuposa anga onse."

A Mvula anamwalira mvula yoyamba itagwa, fungo la dothi lili ponseponse. Pa maliro awo mabasi anaima pa siteshoni opanda wowaitanira, chifukwa oitanira onse, okankha wilibala ndi osesa mumsika anali kumanda, akulimbirana kunyamula bokosi. A Timothy, ali ndi ndodo tsopano, analankhula m'malo mwa abwenzi. Anati anaphunzitsa Chingerezi moyo wawo wonse, koma sanaonepo munthu wochilakwitsa mokoma ngati malemuwa. Anthu anaseka misozi ili m'masaya.

Kachipinda kaja pano amagulitsiramo feteleza. Lamlungu masana kuseri kwa msika kumangoti zii, mbuzi zokha zikunyambita mchere pakhoma. Achinyamata amakhala m'makhonde a mashopu, aliyense ataweramira foni yake, kuseka yekhayekha osauzako mnzake chimene chamuseketsa. Mabasi amatsitsa alendo ovala bwino ndi ovala nsanza, ndipo onse amangodutsa ngati katundu.

Miyezi itapita, a Monica anali pa siteshoni kudikira galimoto yopita kwa Hope. A Bright, bambo wa imvi amene wakalambira pa ntchito yoitanira mabasi, anawalandira thumba nawapezera pokhala pamthunzi. Sanachoke msanga. Anaima pomwepo akupotokola chipewa chawo m'manja.

"Mayi, ine pano ndakhalapo kuyambira ndili mnyamata. Anthu amandidziwa kuti 'iwe'. Chimwalirire bambo aja, palibe amene wandifunsapo ngakhale kuti kwathu ndi kuti."

A Monica anawayang'ana bwinobwino, kuyambira kumapazi ong'aluka mpaka kumaso. Kenako anasendera, nasiya malo pabenchi.

"Khalani apa, bambo. Galimoto sinadzaze. Kwanu ndi kuti?"