Shedi Yoyenda ya a Sipana

A Sipana, amene tinawaika m'manda miyezi yapitayi, anali munthu yekhayo mumsewu mwathu amene galimoto yake sinkayenda koma shedi yake inkayenda.

Anali makaniko wopuma pantchito. Galimotoyo inafa kalekale, koma ankaipukuta m'mawa uliwonse ngati khanda. Mvula ikayamba ankavula jekete n'kufunditsa boneti, eni ake n'kumanyowa. Akazi awo ankati, "Ine ndikadwala amati ndimwe madzi ambiri. Iyi ikangochita dzimbiri, chakudya sichilowa."

Atatopa nako kunyowa, a Sipana anaganiza zomanga shedi yosungiramo galimotoyo kutsogolo kwa nyumba. Ku khonsolo anawauza kuti abweretse pulani, mizati italikirane ndi msewu, madzi a padenga asagwere pabwalo la ena, komanso woyandikana nawo avomereze. A Sipana anaseka. Woyandikana nawoyo anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, mnzawo wa ponda apa nane ndipondepo.

"Alamu, mundivomera?"

"Mpaka kufunsa? Mangani, ngakhale yosanjikiza."

Chilolezo sichinatuluke. Akapita, bwerani mawa. Akapitanso, abwana ali ku msonkhano. Pamapeto pake anawauza kuti wina wadandaula, koma dzina sangatchule. A Sipana anakwiyira msewu wonse. Ine anasiya kundipatsa moni chifukwa ndinatsokomola podutsa pageti pawo. Madandaulo onse ankakatula kwa mlamu uja, iye n'kumapukusa mutu. "Anthu ndi oipa, alamu."

Kenako a Sipana anakafunsa kalaliki wa ku khonsolo. "Lamulo lanuli likunena chomangidwa pansi. Nanga cha mateyala?" Kalaliki anakanda mutu, n'kunena kuti za mateyala akafunse apolisi apamsewu. Basi, a Sipana anatolera mateyala a mawilibala, n'kuwotcherera kunsi kwa mizati, malata pamwamba. Woyendera nyumba wa ku khonsolo akangotulukira pakona, tonse tinkathamangira kukakankhira shediyo kuseri, mlamu ali patsogolo kutilondolera ndi manja.

Chinkatidabwitsa n'chakuti woyenderayo ankabwera pafupipafupi. Tsiku lina anatipeza teyala limodzi litatitimira m'ngalande, ife thukuta lili kamukamu.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Ngolo," anatero a Sipana.

"Ngolo yadenga? Imanyamula chiyani?"

"Mthunzi."

Woyenderayo anaseka mpaka kugwira mpanda. Atapukuta misozi anatembenukira kwa mlamu uja. "Inu bambo, musamatiimbirenso foni, mwatitopetsa. Dandaulo lanu loyamba lija tinalimvera. Koma ichi lamulo silikuchidziwa."

Tonse tinangoti kukamwa yasa. Mlamu anayamba kulubwalubwa zoti malatawo amatchinga zenera la kuchipinda kwake. A Sipana anatembenukira kwa iye, manja ali pamzati.

"Alamu, mukanangondiuza. Ndikanaisuntha. Ili ndi mateyala."

Sanakangane naye, sanamutukwane. Kwa ine anabwera kudzapepesa za moni uja, chipewa chili m'manja, mpaka ndinachita manyazi ndine. Koma nthabwala zinathera pomwepo. Galimoto inayamba kutuwa ndi fumbi, ndipo chaka chisanathe anadwala n'kutisiya.

Maliro atangotha, mlamu anapempha shediyo kwa mlongo wake wamasiye, ati chikumbutso. Anadula mateyala, n'kuzika mizati mu simenti pabwalo pake. Chilolezo chinatuluka msangamsanga, poti wodandaula panalibe. Lero m'menemo mumagona galimoto yake yatsopano, yoyenda bwinobwino.

Mumsewu mwathu masiku ano aliyense amangolowa kwake n'kutseka geti. Palibenso chotiitanira pamodzi. Mlamu akatipeza panjira amaima, n'kutsitsa galasi kuti atitenge, makamaka kukakhala mvula. Timathokoza mwaulemu, n'kupitiriza wapansi.