Ndinagwada Nditavala Zitsulo za Aperisiya

Filimu ija ikadzatuluka musadzavutike kundifunafuna, simudzandipezamo. Koma usilikali wa pa hatchi ndinaulawa ndithu, ndipo zimenezo palibe angandilande.

Ntchito yanga ndi yosamalira mahatchi pa famu ina ku Somerset West. Kutabwera ojambula filimu ya nkhondo za Aperisiya akale, anafuna anthu odziwa kukwera, ndipo woyamba kusankhidwa ndinali ine. Anativeka malaya a zitsulo zosanjikizana ngati mamba a nsomba, kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, ndi chisoti chobisa nkhope. Hatchi nayo zitsulo mpaka m'maondo. Popondera mapazi panalibe, akuti kalelo kunalibe zimenezo, ndiye ankachita kutikweza. Ndinkaoneka bwino ine, abale (ngakhale mkatimo thukuta linali kamukamu).

Tsono masiku amenewo ndinkafunsira Esinati, woluka tsitsi ku Dunoon. Amalume ake, a Mbewe, ndiwo anali ndi mawu omaliza pa ukwatiwo, ndipo ankandikayikira. Ati anyamata a ku Joni mwambo anautaya. Esinati anawanyengerera kuti adzaone ntchito yanga.

Tili pamzere, mikondo m'manja, ndinangoona a Mbewe aja ataima kumpanda. Tandiuzani inu, munthu woleredwa ku Ntcheu angapereke moni kwa amalume a mkazi ali pamwamba pa hatchi, chisoti chili kumutu? Ndinatsetsereka n'kugwa ngati thumba la mapoto, n'kudzikoka mpaka kumpandako. Ndinavula chisoti n'kugwada.

"Muli bwanji, amalume?"

"Tili bwino, kaya inu? Dzukani bambo, akukuitanani uko."

Kudzuka kwake kuti? Ndinayesa bondo limodzi, n'kugwa chagada, miyendo m'mwamba. Mkulu wa filimu akukalipa pa chimkuzamawu, hatchi yanga yapita kukadya udzu, mzere wonse wasokonekera. A Mbewe anadumpha mpanda ndi suti yawo ya kutchalitchi n'kuyamba kundikoka, ali wefuwefu. Ali mkati mokokamo anandinong'oneza kuti Loweruka nditumize ankhoswe anga. Ndinasangalala mpaka misozi, ndili chigonere pansi pomwepo.

Tsiku lomwelo a filimu anandivula zitsulo n'kundibwezera kukhola kukawola ndowe. Anzanga mpaka lero amandiseka, ati asilikali akalewo akatsika pa hatchi ndiye kuti zawo zada. Ine ndimangowayankha kuti Aperisiyawo sanafunsirepo mbeta kwa a Mbewe. Atandivekanso mawa, amalume aja n'kutulukira, ndidzatsikanso, kungoti ndidzayamba ndaitana anthu ondidzutsa.