Tsiku Limene Amayi Anga Analira Firiji

Anzanga, munthu ukakhalitsa ku Joni mutu umayamba kuganiza zachilendo. Ine Fanuwelo, mwana wa Anaphiri a ku Chia, ndinakhala pansi n'kuganiza bwinobwino kuti ndipite kumudzi osauza munthu, ndikawadzidzimutse amayi. Kuwadzidzimutsa! Mayi okalamba, odwala bipi, oti mbale ikagwa kukhitchini amagwira pamtima. Ndani anandiuza kuti munthu wotere amafuna kudzidzimutsidwa?

Ndimagwira ntchito pamalo ena obwereketsa magalimoto aja okhala ndi nyumba mkati, muli bedi, kakhitchini, kachimbudzi ndi makatani m'mawindo. Timawatcha makalavani. Ntchito yanga ndi kutsuka ndi kusintha matayala, ngakhale pa zithunzi zomwe ndimatumiza kumudzi nthawi zonse ndimakhala pa chiwongolero. M'mwezi wa Meyi, kuzizira kutayamba ndipo masamba akuyoyoka m'misewu, makasitomala amachepa, ndiye bwana anavomera kundibwereka kalavani yakale yoyera yomwe inkangodikira kugulitsidwa. Ndinati basi, nthawi yake ndi ino, kwathu ndi masika, anthu akumweta mpunga, aliyense ali pamudzi, andione.

Amayi ndinawagulira firiji yogona, yaitali ija yosungiramo nsomba. Ndinaikhomera m'bokosi la matabwa kuti isaphwanyike, n'kuikweza pa ngolo kumbuyo kwa kalavani, n'kufunditsa tenti yakuda. Za magetsi musandifunse. Kwathu magetsi sanafike, ndipo zimenezi ndinazikumbukira tikuwoloka mlatho wa ku Tete.

Ulendo ndi wautali, ndiye ndinatenga mnzanga wa kuntchito, Thabo, wa komweko ku Joni, kuti tizilandirana kuyendetsa. Thabo ndi munthu wofatsa, waulemu, womvera mopitirira muyeso, koma Chichewa sadziwa ngakhale moni. Titalowa m'Malawi pa Dedza ndinamuphunzitsa mawu oti azinena akaimitsidwa pamsewu ine ndili m'tulo: "Pepani, mwini wake wagona kumbuyo." Anawabwereza mpaka anawaloweza ngati vesi. Ndinamuuzanso m'Chingerezi zinthu ziwiri, kuti bokosi lija munthu asalitsegule ine palibe, komanso kuti ndikagona asandidzutse, ngakhale kugwe chiyani.

Vuto linali dzino. Linandiyamba tili ku Harare, tsaya linatupa, sindinkadya, sindinkagona, ndinkangobuula ngati ng'ombe. Foni ndinali nditazimitsa chichokereni ku Joni kuti mlongo wanga asandigwire bodza. Pofika pa Salima m'mawa ndinali nditatheratu. Ndinagula mapiritsi opha ululu, n'kuwonjezera ena aja a chimfine ogonetsa, ndipo poti ndine dokotala wa ine mwini ndinamwa mowirikiza. Ndinamuuza Thabo kuti akawoloka mlatho wa Chia afunse kwa Anaphiri amake Fanuwelo, akafika aime patali pang'ono ndi nyumba, ine ndikadzuka ndisambe, ndivale jekete, nditsike ngati munthu. Ndinatseka makatani onse n'kudzifunditsa nsalu yoyera ya pabedi.

Zotsatirazi sindinazione ndi maso. Ndinachita kuuzidwa, ndipo amene anandiuza ndi ambiri, aliyense ndi mkwiyo wake.

Thabo anafika pa mlatho pamene anyamata amagulitsa chambo, naimitsa wakabaza wina. Anatchula dzina langa ndi la amayi, kenako poona kuti munthuyo akusuzumira, anatulutsa vesi lake lija. "Pepani, mwini wake wagona kumbuyo." Wakabazayo anayang'ana galimoto yoyera ya nambala za ku Joni, makatani otseka, ngolo, bokosi lalitali pansi pa tenti yakuda. Anavula chipewa, nakwera njinga, natsogola pang'onopang'ono osaliza belu.

Msewu wolowera kwathu mukuudziwa mvula ikangotha kumene. Thabo poopa maenje anayatsa magetsi aja othwanima mbali zonse n'kumayenda ngati kamba. Kalavani ndi yaitali, ndiye podutsa pansi pa mitengo ya mango inathyola nthambi, zina zinakodwa pamwamba, ina inalendewera kutsogolo kwenikweni. Tsono inu mundiuze, galimoto yochokera ku Joni, yoyenda pang'onopang'ono, magetsi akuthwanima, masamba kutsogolo, bokosi pa ngolo, kwanu imatanthauza chiyani? Azimayi anasiya zikwakwa m'minda ya mpunga n'kuyamba kuitsatira manja ali kumutu.

Ndipo pakhomo pathu galimoto yotere siinali yachilendo. Mkulu wanga Yona anapita ku Joni ine ndisanapite, ndipo anabwera chomwecho, pa ngolo, m'bokosi lokhomedwa lomwe anatiletsa kutsegula. Amayi anabereka ana aamuna awiri. Wotsala ndinali ine. Ndikunena pano mtima ukundiwawa, chifukwa pa ulendo wonse uja sindinaganizeko ngakhale kamodzi mmene galimoto yanga idzaonekere m'maso mwawo.

Amalume a Jalasi, alongo awo a amayi, ndiwo analandira Thabo. Iye anatsika, nagwira chipewa pachifuwa mwaulemu wake uja, nati, "Pepani." Amalume anafunsa kuti Fanuwelo ali kuti. "Wagona kumbuyo." Anaitanitsa aphunzitsi ena opuma ntchito kuti afunse bwino m'Chingerezi. Aphunzitsiwo, pofuna kulankhula mwaulemu, sanatchule mawu oti imfa, anangofunsa ngati ndinavutika kwambiri. Thabo anayankha zoona zokhazokha, kuti ndinavutika koopsa, sindinkadya, ndinkalira usiku wonse, koma tsopano ndapumula. Anawonjezera kuti ndinasiya mawu oti bokosi lisatsegulidwe. Mlongo wanga anayesa foni yanga, yosapezeka, monga inalili sabata yonse. Umboni wina wotani womwe munthu angafune?

Amuna anamasula tenti, nanyamula bokosi kulowa nalo m'nyumba ya amayi. Thabo anathandiza nawo kunyamula, wokondwa mumtima kuti mphatso yafika kwa mwini wake. Atamva kulira anaganiza kuti tafika pa tsiku loipa, pamudzi pagwa zovuta zina, ndiye anakakhala pansi pa mtengo ndi azibambo n'kumapatsa aliyense dzanja, pepani, pepani. Akuti onyamula ena anadandaula kuti malemu analemera. Amalume anawayankha kuti ku Joni amadya bwino.

Poti thupi linali litayenda masiku ambiri, anagwirizana zoika tsiku lomwelo. Uthenga unapita kwa amfumu, adzukulu anatenga makasu kupita kumanda, mbuzi ya amalume inaphedwa, masamba anaikidwa pamsewu. Ine mwini maliro ndili m'kalavani kuseri kwa khola, kukamwa kuli yasa.

Ndinadzuka dzuwa litapendeka, mutu ukulemera, mphepo ya mwera ikugwedeza galimoto. Ndinamva nyimbo. Ndinamvetsera bwino, nyimbo za maliro. Ndinasuzumira pa katani ndipo ndinaona khamu pakhomo pa amayi, azimayi atadzaza khonde, utsi kuseri. Abale anga! Ndinati amayi apita. Ndayenda mtunda wonsewu osaimba foni, ndipo amayi amwalira ine ndikusewera chibisalirano. Jekete ndinaiwala, nsapato ndinaiwala, ndinatsika ndi nsalu yoyera ija ili pamapewa, tsaya lotupa, maso ofiira.

Woyamba kukumana naye anali mayi wina wachilendo, wokwatiwa kumene pamudzipo, atasenza ndowa.

"Mayi, pepani, watisiya ndani?"

"Mwana wa Anaphiri, wa ku Joni uja."

"Yona? Yona anamwalira kale!"

"Ayi, winayo. Wodzitama uja, wojambulitsa m'magalimoto a eni ake."

Mapiritsi aja anali asanathe m'mutu, ndiye zoti akunena ine sizinalowe msanga. Chomwe ndinamva n'chakuti sanatchule amayi, koma sindinakhulupirire, ndinafuna ndiwaone ndi maso. Ndinathamanga kulowa pabwalo ndikufuula, "Amayi! Amayi anga ali kuti?"

Sindinaonepo anthu akubalalika chonchija. Nyimbo inaduka pakati. Mkulu wa mpingo amene ankakonzekera kulalikira analumpha benchi n'kusiya nsapato imodzi. Aphunzitsi aja analowa m'munda wa chinangwa. Amalume a Jalasi, munthu woyenda ndi ndodo, anafika ku dambo ndodo itatsala pabwalo. Thabo yekha ndiye anaimirira n'kundimwetulira, nandifunsa ngati dzino lasiya.

Mungaseke, nanenso pano ndimaseka, koma zomwe ndinapeza m'nyumba sizoseketsa. Amayi anali pansi pa mphasa, atatsamira bokosi lija, dzanja lili pa thabwa, akulisisita. Mawu anali atawathera, ankangotchula dzina langa chapansipansi. Azimayi ena onse anathawira kuchipinda. Iwo sanathawe. Anadzutsa mutu, nandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nayang'ana bokosi, nayang'ananso ine. Anatsegula pakamwa, kenako anangogwera chammbali.

Ndiye kalavani inagwira ntchito yake yeniyeni. Tinawanyamula ine ndi mlongo wanga n'kuwagoneka pa bedi lija, Thabo anamasula ngolo n'kuliza galimoto kulowera ku chipatala cha ku boma. Njira yonse ndinagwira dzanja lawo, lozizira, mlongo wanga akundimenya zibakera kumsana uku akulira. "Ukawapha amayi, dzenje lilipo kale, ulowamo ndiwe!" Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinkangopemphera kuti manda omwe akumbira ine asalowemo amayi chifukwa cha uchitsiru wanga.

Mulungu anatichitira chifundo. Anawaika madzi a m'botolo, bipi inatsika, ndipo chakumadzulo anatsegula maso. Anandiitana ndi chala. Nditawerama ananditsina pa tsaya lotupa lija, mwamphamvu, mpaka ndinakuwa odwala ena n'kutembenuka.

"Wamva kuwawa?"

"Eya, amayi."

"Chabwino." Anandisiya tsaya. "Tsiku la Yona ndinakhala pa bokosi ndikupempha Mulungu kuti likhale bodza. Lero sindinapemphe n'komwe, mwanawe. Ndinalibe mphamvu."

Ndinalira ngati kamwana pamaso pa manesi.

M'mawa mwake ndinabwerera kumudzi ndipo ndinapeza amalume akundidikira, ndodo yawo itapezeka. Bokosi anali atalitsegula ndi chitsulo. Mudzi wonse unali utadutsapo kuona nkhope ya malemu, yoyera bwino, ya chitseko chimodzi, ndi chingwe chake cha magetsi.

"Mphwanga," anatero amalume, "mbuzi yanga sindikunena. Miyendo yangayi sindikunena. Koma kumanda kuli dzenje, ndipo dzenje silikhala kukamwa yasa, limaitana munthu. Adzukulu akuti tikwiriremo thunthu la nthochi monga mwa mwambo. Wosenza ndiwe."

Ndinasenza. Thunthu la nthochi ndi lolemera, lonyowa, ndipo utomoni wake suchoka pa malaya. Ndinayenda nalo kudutsa mudzi wonse anthu atandandalika m'mbali mwa njira, ena atavula zipewa mwachipongwe. Kumanda ndinaona dzenje langa, lokumbidwa bwino, pafupi ndi la Yona. Mdzukulu wina anandifunsa ngati muyeso wake uli bwino kapena awonjezere kumiyendo. Anandipatsa khasu kuti dothi loyamba ndithire ndine. Ndi anthu angati amene anathirapo dothi pamanda awo?

Amayi atatuluka m'chipatala anakana kukwera kalavani. Anabwera pa minibasi, kenako pa kabaza. Atafika anazungulira kuseri kwa nyumba, ine ndikuwatsatira, naima pa chitsa chatsopano.

"Nthochi yanga ija yapita kuti? Inali ndi mkoko wotsala pang'ono kukhwima."

"Ndi imene takwirira, amayi," anatero mlongo wanga.

Amayi anandigwira malaya, ndipo sanawasiye tsiku lonselo, ngakhale pamene ankalandira anthu odzapepesa ndi odzaseka. Anapukusa mutu nauza amalume, "Achimwene, mwakwirira nthochi yobereka n'kundisiyira ichi?"

Kuyambira pamenepo, anzanga, ine zodzidzimutsa anthu ndinasiya. Ndikamapita kwathu ndimaimba foni ndisananyamuke, ndimaimba pa malire, pa Salima, pa Benga, pa mlatho, mpaka amayi amachita kundizimitsira. Ndimakwera basi ngati wina aliyense, ndipo ndikatsika ndimayenda wapansi pakati pa msewu ndikupereka moni mokweza kuti aliyense aone kuti ndikupuma. Ku Chia mpaka lero amanditcha Malemu. Ndipo tsiku limene ndidzapite zenizeni, chonde, amene mudzandiperekeze mudzatsegule bokosi pabwalo pomwepo, chifukwa adzukulu a kwathu analumbira kuti sadzagwiranso khasu asananditsine okha.