Zuze Akupita ku Basiketi

Lolemba

Mvula yasiya m'bandakucha, phiri silikuoneka. Madzi akudontha padenga la khitchini, achule akulirabe kudambo, thirakita ya ku esiteti ikudutsa kumsewu ndi phokoso lake la masiku onse. Sukulu. Masamu. Palibe chachilendo.

Masana ndili pabwalo la mpira wa basiketi, kuseri kwa msika wa Milonde, pamalo anga: njerwa ya pansi pa mtengo wa mapeyala. Chaka chonsechi ndimabwera, kochi sanandilowetsepo. Akuti ndine wamfupi. Sindikutsutsa.

Loweruka timu ikukasewera ku Chonde, ndipo ilibe munthu wamtali. Kochi akuuza anyamata ake, ine ndikumvera nawo pa njerwa: "Amene andibweretsere wamtali, jezi ndi yake, akwera nawo lole."

Wamtaliyo ine ndamuona kale. Dzina lake Zuze. Anabwera ndi amake kuchokera ku Mozambiki mwezi watha, akukhala kwa malume ake kuseri kwa chigayo. Sali pasukulu, ndi wamkulu kale. Dzulo amathyola mapapaya ali chiimire, osakwera, osatokosa ndi nsungwi. A m'timu palibe amene wamuzindikira. Anthu sayang'ana.

Jezi imeneyo ndi yanga!

Lachiwiri

Choyamba, kufufuza. Timu yathu inapezapo wamtali kale: Mlongoti, amene pano akusewera ku Blantyre ndipo anthu amaunjikana pafoni imodzi kumuonera. Ndikufunsa akuluakulu a mumsika kuti anamupeza bwanji.

Mayankho:

- A Namakhwa, ometa tsitsi: "Anagunda mutu pakhomo la babashopu yangayi. Ndinamukhazika pampando, n'kumuuza za basiketi ndili pakati pometa. Akanathawa bwanji mutu uli theka?"
- Mayi Esinta, ogulitsa zinanazi: "Bodza limenelo, baba. Mwana uja anafika kuno ndi njala. Ndinamukoka ndi chinanazi ine."
- A Mulipa, okonza njinga: akuti anamunyamula pa njinga kuchokera ku Nkando, mawondo akugunda handulo, a timu ya kumeneko akuwathamangitsa. Chaka chatha owathamangitsawo anali anyamata awiri. Lero ndi minibasi yodzaza.
- Mlonda wa pachigayo akuti ndi iye. Nthawi imeneyo anali asanasamukire ku Milonde, koma akunena mwamphamvu kuposa onse.

Akangana mpaka munthu amene amametedwa wadzuka yekha kukadziyang'ana pagalasi. Akugwirizana pa chinthu chimodzi chokha: mnyamata sumupempha pamsewu. Umapita kwa amake, malume ake ali pomwepo.

Zimenezo ndaziika komalizira. Amayi a anthu ndimawaopa.

Lachitatu

Njira ya a Namakhwa yafa isanayambe. Zuze ali ndi mpala.

Njira ya chinanazi. Ndasankha chachikulu kumunda kwathu. Ndikumupeza pa mjigo, ndikupereka. Akusenda ndi kampeni, akudya chonse, ndi chapakati cholimba chija. Akuti, "Obrigado." Ndi zikomo ya kwawo.

Mawu amene ndinakonza m'kalasi nthawi ya Jogalafe sakutuluka. Kulankhula naye khosi limawawa ndi kuyang'ana m'mwamba. Ndikuti, "Kuli mvula." Akuyang'ana kumwamba, poti iye ali nako pafupi, akuti, "Eee." Wanyamula zigubu, wapita.

Njira ya njinga: ndilibe njinga.

Kwatsala amake.

Lachinayi

Malaya a yunifomu ndapisira, nsapato ndapukuta ndi tsamba la nthochi. Ndikuodira. Amake a Zuze akupeta nyemba pakhonde, malume ali pakampando akukhoma khasu. Zuze kulibe, wapita kukatema nsungwi. Bwinonso, khosi lipume.

Ndikunjuta, ndikupereka moni wa Chilomwe umene ndimaudziwa: "Mosheleliwa." Akuseka onse awiri. Ndi moni wa m'mawa, dzuwa lapendeka kale. Koma mphasa andipatsa.

Ndikunena kuti ndabwera kudzapempha Zuze, akufunika ku basiketi.

Amayiwo asiya lichero. Akuwomba m'manja! Akuitana aneba! Sindimayembekezera kuti ndi okonda masewera chonchi.

Mafunso awo, mayankho anga:

- "Ayamba liti, mwanangu?" Loweruka m'mawa, asachedwe.
- "Amulandira, poti ndi mlendo?" Amulandira. N'kungoponyamo basi, ndi manja amenewo savutika.
- "Avale chiyani?" Nsapato zolimba. Malume akuti magambutsi awo alipo. Ndikufuna kutsutsa, koma malume a mwini suwatsutsa tsiku loyamba.
- "Akaonane ndi ndani, akapitawo?" Ndikuti eya. Kaputeni, kapitawo, achikulire amasokoneza mawu.

Malume akupukusa mutu: "Ena amadikira masabata osatengedwa, uyu amutsatira pakhomo." Zoona. Enafe tadikira chaka.

Andipatsa chinangwa chophika, chodyera m'njira. Zatheka!

Lachisanu

Ndauza kochi. Akundiyang'ana kumaso koyamba. Akufunsa dzina langa, akulibwereza. Jezi sakundipatsa: "Mawa, ndikamuona ndi maso angawa." Koma wandionetsa. Nambala inafufutika, kukhwapa anasoka ndi ulusi wofiira. Yokongola.

Mbiri yafika mumsika ine ndisanafike.

- A Namakhwa akuti Zuze anayamba kumuona ndi iwo, pagalasi, akudutsa panja.
- Mayi Esinta akuti chinanazi chimene anadya chinali cha mbewu yawo.
- A Mulipa akupopa matayala. Sakunena kuti akukanyamula ndani.

Dzina langa silikutchulidwa. Zilibe kanthu, wovala jezi ndine.

Pobwerera ndikudzera kuseri kwa chigayo. Magambutsi atsukidwa, ali padzuwa. Pambali pake ayanika chipepala cha pulasitiki chokhala ndi zingwe zomangira m'chiuno. Mwina n'cha mvula.

Loweruka

Lole ili pamsika. Timu, kochi, a Namakhwa ndi ng'oma, mayi Esinta ndi zinanazi zokagulitsa ku Chonde. Zuze kulibe. Ndikuthamangira kwawo. Amake akumwetulira: "Wapita kusanache, mwanangu. Tsiku loyamba munthu angachedwe?"

Kochi akuti mwina watsogola wapansi, timupeza panjira. Ndakwera lole! Kumbuyo kwenikweni, pa tayala la sipeya, koma ndakwera.

Msewu ukulowa m'minda ya tiyi. Kobiriwira mbali zonse, anthu akutchola m'mizere, aliyense basiketi kumsana. Pakati pawo pali mmodzi amene tiyi akumulekeza m'mawondo.

A Namakhwa asiya ng'oma.

Zuze akutchola ndi manja onse awiri, akuponya kumbuyo osayang'ana, tsamba silikugwa pansi. Watiwona. Akukweza dzanja, akundiloza ine, mano onse pamtunda.

Basiketi. Kuno mawu amenewa ali ndi eni ake, ndipo eni ake si ife.

Kochi akumenya denga la lole, yaima. "Tsika. Kamutenge."

Ndatsika. Lole yanyamuka.

Ndikulowa m'mizere, mame mpaka m'chiuno. Zuze akundigwira dzanja ndi manja awiri. Akuti amake anamuuza kuti wapezeredwa ntchito. Anafika pageti la esiteti n'kunena kuti waitanidwa ku basiketi, akapitawo anamuyang'ana manja n'kumulemba pomwepo, poti mvula yachulukitsa masamba. Lero akulankhula kwambiri.

Ndikufotokoza. Ndikudunda mpira wosaoneka, ndikuponya m'mwamba. Akuyang'anitsitsa.

"Aaa, mpira! Kwathu ndinkasewera m'timu ya sukulu. Bwanji sunanene pa mjigo paja, amwene?"

Ankasewera!

Ndikumupempha avule basiketiyo tithamangire lole. Akuseka. Ntchito tsiku loyamba, amake auza kale mudzi wonse. Akapitawo enieni akukuwa chapatali: "Iwe wa sukulu, choka m'tiyimo!"

Ndachoka. Chinangwa cha Lachinayi chikanathandiza lero.

Lamulungu

Kwacha bwino, phiri likuoneka lonse. Miyendo ikuwawa.

Kutchalitchi amake a Zuze akundionetsa kwa azimayi anzawo: mwana waulemu amene amapezera anthu ntchito. Potuluka angapo andiimitsa. Nawonso ali ndi ana, ena aatali ndithu.

Ku Chonde tagonja. Zigoli palibe akuzitchula. Kochi ndakumana naye pamsika, wayang'ana mapeyala. Jezi yapita kwa mng'ono wake wa dalaivala wa lole, amene ndimamuposa msinkhu.

A Namakhwa akuti anafotokozera anthu a ku Chonde nkhani yonse ya Zuze, mpaka munda weniweni umene akutcholamo tiyi. Kochi wa kumeneko abwera Lachiwiri kudzaonana ndi amake ndi malume, mpira uli m'manja kuti pasakhale kusamvana. Zikadzatheka, adzapezekanso omupeza ambiri, a ku Chonde.

Obwerera kunyumba dzulo: timu inafika dzuwa likulowa, osaimba. Mayi Esinta anabwera ndi dengu lopanda kanthu. A Namakhwa anagona ku Chonde kwa alamu awo, ng'oma inabwera yokha. Zuze anafika madzulo, magambutsi ali m'manja. Ine ndinafika masana, woyamba.